Komiti Yoperekeza Ana Ikambirana za Miyendo ya Wezzie

BUNGWE LA TIGWIRANE MANJA, CROYDON
KOMITI YOPEREKEZA ANA
Msonkhano wapadera

Tsiku: Loweruka, 14 Marichi 2026
Malo: Chipinda cham'mwamba, holo ya tchalitchi, South Norwood; kenaka m'mbali mwa bwalo lothamangirapo, pa zifukwa zimene zalembedwa pa mfundo 4.6

Analipo:
Bambo Henderson Mbewe, Wapampando
Mayi Bessie Kachale, Mlembi
Bambo Biswick Chiwaya, Msungichuma
Bambo Lasten Milanzi, membala, woyendetsa minibasi
Mayi Effie Nyirongo, membala
Mayi Gladys Msowoya, membala, mwini nkhani

Anapepesa: Bambo Weston Thindwa, ali pa shifiti.
Sanabwere ndipo sanapepese: Mayi Eliza Gomani, monga mwa masiku onse.

1. KUTSEGULA MSONKHANO

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko itadutsa kale, chifukwa makiyi a chipinda anali ndi Mayi Gomani, ndipo tinaima pa masitepe mpaka abusa anabwera ndi awo. Bambo Milanzi anapemphera. Hita ya m'chipindamo inali itafanso, choncho mamembala anakhala ndi majekete awo ngati anthu odikira basi.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITAWU

Mlembi anawerenga. Msungichuma anadandaula kuti Mlembi analemba zoti iwo anagona msonkhano uli mkati. Anati sanagone, ankasinkhasinkha. Mlembi anavomera kukonza, ndipo mzerewo tsopano ukunena kuti Msungichuma anasinkhasinkha mpaka kuliza mkonono. Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. NKHANI YA WEZZIE MSOWOYA

3.1 Wapampando anati popeza zolembedwazi zikawerengedwa ku msonkhano waukulu kumene kuli anthu atsopano, Mlembi alembe kaye ntchito ya komiti ino. Ntchito yake ndi iyi. Mwana wa membala akapeza malo ku yunivesite, sapita yekha. Timachita hayala minibasi, Bambo Milanzi n'kugwira chiwongolero, tonse n'kukam'tula mpaka m'chipinda chimene azigona. Amayi amasesa ndi kuyala bedi, abambo amayesa loko ndi mawindo, timapemphera, kenaka timam'pereka m'manja mwa nkhoswe, kutanthauza munthu wakwathu wokhala m'tauni imeneyo, woti angathamangire mwanayo akadwala kapena akayamba zachibwana. Lamulo lachitatu la komiti limati mwana wathu sasiyidwa kumene minibasi singafike ndiponso kumene kulibe nkhoswe. Minibasi imeneyi yafika ku Leicester, ku Hull, ngakhale ku Aberdeen, kumene Bambo Milanzi mpaka lero akamakutchula amayamba ausa moyo.

3.2 Wapampando anapempha Mayi Msowoya kuti lero alankhule ngati kholo, osati ngati membala. Anawakumbutsa anthu kuti mabedi a ana athu onse amene tinawaperekeza anayalidwa ndi manja a mayi amenewa. Mayi Msowoya anaimirira n'kufotokoza kuti Wezzie, mwana wawo mmodzi yekhayo, akumaliza sekondale chaka chino. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye m'nyumba ya ku Thornton Heath amakhala awiriwiri. Malo a yunivesite apezeka awiri. Oyamba ali konkuno ku London, oti akaphunzire fiziyo, ntchito yowongola ndi kulimbitsa matupi a odwala. Koma kumeneko amutenga pokhapokha akakhoza bwino kwambiri mayeso a mu Juni, ndipo fizi yake ndi ya ngongole ya boma. Malo achiwiri ali ku America, pa yunivesite ina ya pakati pa dzikolo, imene dzina lake Mayi Msowoya analitchula katatu mosiyanasiyana, ndiye Mlembi walisiya. Anthu a kumeneko anamuona Wezzie pa vidiyo akuthamanga mpikisano wozungulira bwalo kawiri, ndipo kochi wawo wanena kuti malo alipo kale, mayesowo angokhoza mmene amakhozera nthawi zonse. Fizi, chakudya ndi pogona n'zaulere, komanso akuti masiku ano othamanga a pa yunivesite amalandirako malipiro. Yankho akulifuna Lolemba likubwerali.

3.3 Mayi Msowoya anati: "Ine sindinabwere kudzapempha nzeru, ayi. Ndabwera kudzapempha lamulo lachitatu. Minibasi siwoloka nyanja. Komiti imuuze mwanayu kuti sizitheka." Wapampando anafunsa ngati iwo eni ake anamuuzapo mwanayo maganizo awo. Anayankha kuti: "Ndikamuuza ine, adzandida moyo wake wonse. Komiti sangaide, ndi anthu ambiri."

3.4 Wapampando anafunsa kuti nanga Wezzie mwini wake ali kuti. Mayi ake anati anamuuza za msonkhanowu, koma anayankha kuti Loweruka masana ndi nthawi ya maphunziro a kuthamanga ndipo sangajombe. Mlembi anapempha kuti zilembedwe kuti m'masiku athu mwana woitanidwa ndi akuluakulu ankafika akuluakuluwo asanafike. Zalembedwa.

4. ZOKAMBIRANA

4.1 Msungichuma anapempha kuti mawu a malipiro aja abwerezedwe. Atabwerezedwa anafunsa kuti: "Kuthamanga kokhaku? Osanyamula kanthu kumutu?" Atauzidwa kuti inde, anatembenukira kuwindo n'kuyamba kulankhula motsitsa, mawu amene Mlembi sanawamvepo pakamwa pa munthu amene amakana ngakhale kugula masikono a msonkhano. Anati akuona bwalo lalikulu usiku, magetsi ali ngwee, anthu odzaza mpaka kumwamba. Anati akumva mzungu pa chimkuzamawu akulimbana ndi dzina la Msowoya, lilime likumukanika, ndipo kumudzi anthu azungulira foni imodzi pansi pa mtengo, akuseka mzunguyo kwinaku akulira. Anati akuona amake Wezzie atasiya ntchito yawo ija yosamalira ndi kunyamula okalamba, atakhala pakhonde la nyumba ya kapinga, miyendo ili pa kampando, msana utasiya kuwawa. Mlembi anayesa kuwabwezera Msungichuma ku mfundo, koma atayang'ana anapeza kuti mamembala enanso anapita kale ku America. Ngakhale Wapampando anali atavula magalasi, maso ali kudenga.

4.2 Bambo Milanzi, amene anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe kwa makolo ochokera ku Dedza, anapempha kulankhula. Anati iwonso anali wothamanga. Sukulu inali kutali ndi komboni, ndiye m'mawa uliwonse ankadutsa m'minda chothamanga, mame ali m'miyendo, nkhungu itaphimba mizere ya fodya, osaona kutsogolo, kumangomva mtima wawo ndi mbalame. Anati panali masiku ena pamene thupi linkapepuka mpaka ankaiwala kuti akupita kusukulu, n'kupitirira geti. Chaka china anapambana ana onse a m'mafamu ozungulira, osavala nsapato, ndipo mphotho yake inali sopo ndi mbale yachitsulo. Chaka chotsatira analowa m'zigafa za fodya, nkhani n'kuthera pomwepo. Atanena izi anayang'ana miyendo yawo nthawi yaitali ndithu. Panja panadutsa tiramu, sitima ya mumsewu ija, belu lake likulira. Kenaka anati: "Sukulu imadikira, abale anga. Ine ndaona agogo akuvala gauni kuno. Koma miyendo sidikira munthu."

4.3 Mayi Nyirongo, amene ndi namwino, anati mamembala atsike kaye kumwambako. Anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo anafunsa mafunso atatu. Loyamba, bondo likadzakana, kodi anthu amene anamutenga mwanayu chifukwa cha miyendo sadzamutayanso chifukwa cha miyendo yomweyo? Lachiwiri, anamva kwa mnzawo wa kuntchito kuti ophunzira ochokera kunja malamulo a viza amawavuta pa nkhani ya malipiroyo, ndiye nyumba ya kapinga ya a Chiwaya mwina ilibe ndi maziko omwe. Lachitatu, mwana wothamanga m'mawa ndi madzulo adzawerenga nthawi yanji? Anati ku London akumufuna Wezzie chifukwa cha mutu wake, ndipo mutu suthyoka pa kona ya bwalo. Anamaliza ndi mawu akuti kuthamanga si kufika.

4.4 Mlembi anagwirizana ndi Mayi Nyirongo pa mfundo zonse zitatu, n'kuwonjezera yachinayi. Mlembi ali ndi mwana ku Hull, kumene minibasi imafika bwinobwino, koma foni ya mwanayo imangolira osayankhidwa ngati ili kutsidya la nyanja. Nanga wa kutsidya lenilenilo? Mlembi ananena poyera kuti nyumba yopanda mwana imawawa, ndipo sakufunira mnzake zimenezo.

4.5 Pa nkhani ya nkhoswe, Bambo Milanzi anati ali ndi msuweni wawo ku America konko, ndipo atayang'ana pa mapu a pa foni anati ndi pafupi, kutalika kwake chala chimodzi. Anamuimbira foni onse tikumva. Msuweniyo atamva dzina la tauniyo anaseka mpaka kutsokomola. Anati kuchokera kwawo kukafika kumeneko pa galimoto munthu amagona panjira, ndipo iye sanamvepo za Mmalawi wokhala dera limenelo, kuli chimanga chokhachokha ndi mphepo. Anafunsanso ngati pali amene akupita ku Lilongwe posachedwa woti am'tengereko katundu. Foni itadulidwa, Wapampando anati zaoneka kuti lamulo lachitatu lagwira mbali zonse ziwiri: minibasi singafike, nkhoswe kulibe. Mayi Msowoya anati zikomo, koma nkhope yawo sinali ya munthu amene wapambana mlandu.

4.6 Wapampando atati tiponye voti, Mayi Nyirongo anati ngakhale iwo akutsutsa ulendowu, si bwino kugamula mwini wake palibe. Apa Wapampando anafunsa kuti mwa ife tonse, ndani anamuonapo Wezzie akuthamanga. Panalibe dzanja limene linakwezedwa. Onse tinatembenukira kwa mayi ake. Iwo anati: "Loweruka ndimakhala pa shifiti. Ndipo ndikapanda kukhala pa shifiti ndimaopa, ndimati agwa ine ndikuona. Ine ndimangochapa zovala zakezo." Wapampando anagamula kuti popeza mwana sanabwere ku komiti, komiti ipite kwa mwana, poti bwalolo lili kuseri kwa siteshoni ya tiramu, mtunda woyenda pansi. Mlembi anatsutsa, ponena kuti zolembedwa za msonkhano sizilembedwa choimirira pamphepo. Sanamveredwe.

5. MSONKHANO UPITIRIRA PA BWALO LOTHAMANGIRAPO

5.1 Tinafika dzuwa litapendeka, lowala koma lopanda moto monga limachitira dzuwa la kuno. Tinaima m'mbali mwa mpanda wa waya, anthu asanu ndi mmodzi ovala za kutchalitchi, makolo a ana ena n'kumatiyang'ana ngati tabwera kudzagula bwalolo. Atsikana anali ataima pamzere kutsidya, mpweya ukutuluka m'kamwa mwawo ngati utsi. Msungichuma analoza mmodzi n'kunena kuti ameneyo ndiye wathu, akuonekera kale kuti ndi katswiri. Sanali iyeyo.

5.2 Mlembi wakhala akulembera komiti ino zaka zambiri, ndipo akuvomera kuti chimene chinatsatira sakudziwa kuti chimalembedwa bwanji. Wezzie tonse timam'dziwa. Ndi mtsikana uja wamtali amene amakhala kumbuyo m'tchalitchi atapinda msana, amene ukam'tuma makapu amakoka mapazi ngati wam'tuma ku Nsanje. Wezulo itaimbidwa, ulendo woyamba wozungulira bwalo anali pakati pa anzake, ndipo Mlembi anati mumtima, basi, n'zimenezi tavutikira mphepoyi? Koma ulendo wachiwiri, atafika pa kona ya kutali ija, kumene dzuwa linali kuseri kwawo ndipo onse ankaoneka ngati zithunzithunzi, chithunzithunzi chimodzi chinangopatuka pa zinzake. Sankaoneka ngati akufulumira, ayi. Anzakewo ndi amene ankalimbana ndi nthaka, mapewa ali m'mwamba, mano ali gwa. Iye ankangobwera, mutu uli phee, ngati munthu amene wakumbukira chinthu chabwino chimene chikum'dikira kutsogolo. Bwalo lonse linakhala chete, kapena mwina ndi makutu a Mlembi amene anatseka. Chimene chinkamveka ndi nsapato zake zokha, ngati mvula yoyamba pa malata. Anadutsa pamaso pathu osationa n'komwe, nkhope yake ili ya munthu wina amene sitinakumanepo naye.

5.3 Zilembedwe kuti Bambo Milanzi anavula chipewa, ndipo mapazi awo ankaponda okha pa simenti. Zilembedwe kuti Msungichuma sananene kanthu, chimene sichinachitikepo. Mayi Nyirongo anamveka akuti "Mayo ine," kenaka anakana kuti sananene. Mayi Msowoya anagwira waya wa mpanda ndi manja onse awiri. Mlembi anali pafupi nawo ndipo anawamva akufunsa, osafunsa munthu aliyense: "Mwana wanga uyu? Amene ndimam'dzutsa katatu m'mawa uja?"

5.4 Wezzie atationa anabwera kumpanda akupumira m'mwamba. Anapinda bondo pang'ono n'kupereka moni m'Chichewa, "Mwaswera bwanji ankolo, mwaswera bwanji anti," kenaka Chichewa chinam'thera ndipo zotsalazo analankhula m'Chingerezi. Mlembi wamasulira. Jekete lake, limene linali pa benchi, anawapatsa mayi ake kuti am'gwirire, ponena kuti kwatsala kuzungulira kwina.

5.5 Mayi Nyirongo anabwereza mafunso awo atatu, ndipo Mlembi akuchitira umboni kuti mwanayo sanazembe ngakhale limodzi. Za bondo anati kochi wa ku America walonjeza kuti sadzam'taya akavulala, koma ndi lonjezo la pakamwa, ndipo iye wapempha kuti lilembedwe asanavomere. Za malipiro anati Anti Effie akunena zoona: anzake obadwira komweko adzalandira, koma iye mwina sadzalandira kalikonse chifukwa cha viza, palibe amene wam'yankha momveka. Apa nkhope ya Msungichuma inagwa. Za maphunziro anati fiziyo yeniyeniyo sangaiphatikize ndi kuthamanga, ayamba ndi maphunziro ena a za thupi la munthu, fiziyoyo adzaitola pambuyo, ndipo njira imeneyo ndi yaitali. Mayi Nyirongo anafunsa kuti nanga ngati zili choncho, akufuniranji kupita. Anayankha kuti akakhala ku London azidzagwira ntchito m'sitolo Loweruka ndi Lamulungu kuti apeze ya basi ndi ya mabuku, ndipo kuthamangako kudzafa pang'onopang'ono popanda wokupha. Ku America bwalo lili pakhomo pa kalasi, dokotala wa timu ali pomwepo, ndipo anthu othamanga kuposa iye ndi ambiri, oti azim'koka. Anatembenukira kwa Msungichuma n'kunena kuti: "Ndalamazo zikabwera zibwere, ankolo. Ine ndikungofuna ndidziwe kuti ndingafike pati. Panopa sindikudziwa, ndipo zimandisowetsa tulo."

5.6 Wapampando anam'fotokozera lamulo lachitatu ndi pempho limene lili pamaso pa komiti. Wezzie anati lamulolo akulidziwa, anakulira m'minibasi imeneyo atakhala pa zikwama za ana a anthu ena. Anafunsa kuti pempholo wabweretsa ndani. Tonse tinayang'ana pansi, iye n'kutembenukira kwa mayi ake. Kenaka ananena mwaulemu, maso ali pansi, kuti komiti ikakana, iye apepesa koma apitabe. Anati koma mayi ake akakana, sapita, Lolemba alemba yekha kukana malowo, ndipo sadzawafunsa chifukwa chake mpaka kalekale. Anangopempha chinthu chimodzi, choti mawuwo atuluke pakamwa pa mayi akewo. Atatero anabwerera ku Chichewa chake chopunduka chija n'kunena kuti: "Mum, nenani inuyo. Osati ankolo. Inuyo."

5.7 Mlembi akufuna zilembedwe kuti imeneyi si njira yolankhulira ndi komiti. Akufunanso zilembedwe kuti mwanayo sanalakwe.

6. CHIGAMULO

6.1 Mayi Msowoya anapinda jekete lija, n'kulifunyulula, n'kulipindanso. Wapampando anafuna kuwathandiza koma Mayi Nyirongo anawagwira mkono. Pomaliza Mayi Msowoya analankhula, osati kwa mwanayo koma kwa ife. Anati kwawo ku Bolero, mlendo akamachoka ankam'perekeza mpaka pamtsinje, n'kum'patsira katundu wake pomwepo, iye n'kuwoloka, operekeza n'kubwerera. Anati sanaonepo munthu woperekeza mnzake mpaka kukam'yalira mphasa kwawo. "Zofika mpaka pabedizi tinaziyamba ndife kuno, chifukwa cha mantha a m'dziko la eni. Ndipo amene anaumirira kuti lamulo lachitatu lilembedwe ndine, mukukumbuka. Ndinkaganiza kuti ndikutchinjiriza ana a anzanga. Kani ndinkamangira wanga khola."

6.2 Kenaka anatembenukira kwa Wezzie n'kunena kuti: "Usanamizidwe, ine sindikufuna. Mtima wanga ukukana, ndipo udzakanabe tsiku lokweralo. Koma zimene ndaona apazi si zanga, sindingazitsekere m'nyumba. Pita." Wezzie analira, atagwira zala za mayi ake kudzera m'mabowo a waya. Mayi ake anafunsa kuti nanga bedi kumeneko akamuyalira ndani. Iye anati amatha, anam'phunzitsa okha. Mayi ake anati: "Sutha." Kochi wa pabwalopo anaimba wezulo, mwanayo n'kubwerera kwa anzake akupukuta m'maso ndi mkono.

6.3 Mayi Msowoya anabweza pempho lawo. Komiti inagwirizana izi:

a) Lamulo lachitatu lisafafanizidwe, koma liwonjezeredwe mawu akuti kumene minibasi singafike, komiti idzaperekeza mwana mpaka pa eyapoti n'kubwerera. Kwa Wezzie zimenezi zidzachitika mu Ogasiti.

b) Mayi Nyirongo akhale pansi ndi Wezzie mawa tikaweruka ku tchalitchi, aone ngati lonjezo la za kuvulala lija lalembedwadi. Ngati silinalembedwe, Wezzie apemphe masiku ena asanayankhe. Mayi Nyirongo anati akadali wotsutsa, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi ikuwayenera iwowo.

c) Bambo Milanzi apitirize kusaka nkhoswe kudzera m'mipingo. Akasowa Mmalawi, wa ku Zambia kapena wa ku Zimbabwe alandiridwa. Mapu a pa foni asawakhulupirirenso.

d) Mawu a nyumba ya kapinga asatchulidwenso pamaso pa mwanayu, kuti asanyamule katundu amene sanapemphe. Msungichuma anavomera, koma anati kulota sikuletsedwa ndi lamulo lililonse la komiti.

6.4 Mamembala asanu anavomera. Mlembi sanakweze dzanja, ndipo anapereka chifukwa chakuti dzanja linali ndi cholembera. Wapampando anati Mlembi ali ndi manja awiri. Mlembi anayankha kuti linalo silinakonzeke, mwina pofika Ogasiti.

7. ZINA NDI ZINA

7.1 Msungichuma anadzutsa nkhani ya hita ya m'chipinda chochitira misonkhano. Popeza tinali panja, nkhaniyi inaimikidwa.

7.2 Anthu atayamba kumanga mabatani kuti tizipita, Mayi Msowoya anati ali ndi pempho lina, laling'ono. Anati tsiku limenelo, pobwerera ku eyapoti, minibasi isawatsitse pa siteshoni monga imachitira ndi aliyense. Anati chibadwire Wezzie sanagonepo okha m'nyumba imene ija, ndipo sakudziwa kuti kiyi adzam'tembenuza bwanji. "Sindikufuna zambiri. Wina adzalowe nane, ayatse getsi, akhale pang'ono mpaka ndizolowere chete wake. Basi." Wapampando anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira, kenaka anafunsa amene angadzipereke. Manja onse anakwera. Mlembi anati pamenepa sipofunika voti: adzabwera ndi kachikwama kake, adzagona komweko sabata imeneyo, ndipo amene akutsutsa akalembe yekha zolembedwa za msonkhano wotsatira. Panalibe wotsutsa.

8. MSONKHANO WOTSATIRA

Udzachitika Loweruka pa 11 Epulo 2026, 2 koloko masana, m'chipinda cham'mwamba. Makiyi atengedwe kwa Mayi Gomani lisanafike tsikulo.

9. KUTSEKA MSONKHANO

Wapampando anapempha Mayi Nyirongo kuti atseke ndi pemphero. Anayamba bwino, koma atafika pa dzina la mwanayo mawu anawathawa, ndiye tonse tinangoti ameni pomwepo. Msonkhano unatsekedwa 5 koloko ili pafupi, magetsi a pabwalo atayamba kuyaka. Mamembala anapita kukakwera tiramu. Mayi Msowoya sanapite nafe. Anatsala pampanda paja atakumbatira jekete la mwana wawo, kuonerera mpaka amalize.

Yasainidwa:

Henderson Mbewe
Wapampando

Bessie Kachale
Mlembi